Maso a Kuthambo pa Nyanja ya Chilwa: Chitukuko ndi Chitetezo pa Maulendo a M'mlengalenga

Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje ngakhale umodzi wotulutsa madziwo, kotero kuti kukula ndi kuchepa kwake kumadalira mvula ya chaka ndi chaka ndiponso dzuwa limene limamwa madzi ake osayawo. N'chifukwa chake gombe la kumadzulo kwa nyanjayi, m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji m'boma la Zomba, silikhazikika pamalo amodzi, ndipo pamene chaka chino pali munda wa mpunga, chaka china pamayandama mabwato a asodzi a matemba, makumba ndi mlamba. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo gawo lalikulu linaumanso mu 2018, pamene mabwato ambiri a pa doko la Kachulu anatsala pamatope ong'ambikang'ambika. Mbiri ya kuphwa ndi kudzaza kumeneku ili m'mitu mwa akuluakulu a kugombeko, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 yakhala ikusungidwanso m'zithunzi zojambulidwa kuchokera kuthambo, ndipo pa chifukwa chimenechi nkhani ya maulendo a m'mlengalenga, ya amene amawalipira ndi ya amene amayankha mlandu zinthu zikalakwika, imawakhudza anthu a m'mbali mwa Chilwa ngakhale kuti Malawi alibe roketi kapena setilaiti yakeyake.

Setilaiti ndi chipangizo chimene anthu amachikweza kuthambo kuti chizizungulira dziko lapansi, chitanyamula makamera, zoyezera nyengo kapena zolandira ndi kutumiza mauthenga, pomwe roketi ndi chombo chamoto wamphamvu chimene chimachifikitsa kumeneko. Kuthamboko si kutali monga ambiri amaganizira, pakuti akatswiri amati mlengalenga weniweni, kumene mpweya wopuma watheratu, umayambira pa makilomita 100 kuchokera pansi, mtunda wosafika ngakhale pa ulendo wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre n'kubwerako. Chovuta ndi liwiro. Kuti chinthu chisagwe, chiyenera kuthamanga chopingasa pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, kotero kuti pamene mphamvu ya dziko ikuchikokera pansi, dzikolo, pokhala lobulungira, limakhala likuchithawa, ndipo chinthucho chimangozungulira, n'kumaliza ulendo umodzi m'mphindi pafupifupi 90. Kuti liwiro lotere lipezeke pamafunika mafuta ochuluka kuposa kulemera kwa chombo chenichenicho, ndipo ngozi zambiri za maulendowa zimachokera pamenepa, popeza munthu wokwera roketi amakhala pamwamba pa nkhokwe ya mafuta oyaka.

Ntchitoyi inayamba ndi maboma. Dziko la Soviet Union linakweza setilaiti yoyamba, Sputnik, pa 4 Okutobala 1957, n'kutumiza Yuri Gagarin kukazungulira dziko pa 12 Epulo 1961, ndipo dziko la America, kudzera m'bungwe lake la NASA, linafikitsa anthu pamwezi mu Julayi 1969. Komabe chimene chinadzapindulira anthu a ku Chilwa ndi setilaiti yosatchuka kwenikweni, ya Landsat, yomwe yoyamba yake inakwezedwa pa 23 Julayi 1972. Masetilaiti a Landsat a masiku ano amayenda pa makilomita 705 ndipo iliyonse imadutsa pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16, ikujambula ndi kuwala kumene maso a munthu amaona komanso kuwala kwina kumene maso saona, komwe madzi amakumeza pomwe masamba amakubweza. Pachithunzi chotere madzi a nyanja amaoneka akuda bii, dambo la njedza lozungulira nyanjayo limawala, ndipo matope ouma amakhala ndi mtundu wawowawo, kotero kuti wofufuza atayika zithunzi za zaka zosiyanasiyana pamodzi amatha kuona mmene gombe lasunthira. Kwa zaka zambiri zithunzizi zinali zogulitsa, pamtengo umene ofufuza a kuno sakanaukwanitsa, kufikira mu 2008 pamene boma la America linalamula kuti aliyense azizitenga ulere. Chigamulo chimenechi n'chofunika kuchikumbukira pokamba za makampani, chifukwa ndi boma lokha, limene siliyembekezera phindu la ndalama, lomwe lingajambule nyanja ya asodzi osauka kwa zaka zoposa 50 n'kugawa zithunzizo kwaulere.

Mayiko a ku Ulaya anatsatira njira yomweyo ndi masetilaiti awo a Sentinel. Mwa iwo, Sentinel-1, yomwe inakwezedwa mu 2014, imagwiritsa ntchito radar, kutanthauza kuti imatumiza yokha mafunde a wailesi pansi n'kumvetsera mmene abwerera, ndipo motero imaona madzi osefukira ngakhale usiku kapena kutachita mitambo, nthawi imene kamera wamba siona kanthu. Palinso masetilaiti a Meteosat, omwe ali pa makilomita pafupifupi 36,000, pamene liwiro lawo limafanana ndi kuzungulira kwa dziko, kotero kuti amaoneka ngati aima pamalo amodzi akuyang'ana Africa ndi nyanja zake usana ndi usiku, ndipo zithunzi zawo ndi zina mwa zimene nthambi ya boma yoona za nyengo imadalira polosera. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anagunda Madagascar ndi Mozambique, anabwerera m'nyanja, kenaka anadzatsikira ku Quelimane pa 11 Malichi asanakhuthule mvula yake m'chigawo chakummwera kwa Malawi. Ulendo wonsewo, wa masiku oposa 30, masetilaiti ankautsatira tsiku ndi tsiku, ndipo machenjezo ankatuluka pawailesi. Anthu mazanamazana anafabe, ndipo madzi a m'mapiri a Zomba ndi Mulanje anathera m'nyanja yopanda potulukira ija, n'kumiza minda ya m'mbali mwake. Chinaperewera si maso a kuthambo ayi, koma njira zoti chenjezo lisanduke msamuko, monga malo okwera othawirako, misewu yodutsika ndi chikhulupiriro cha anthu pa uthengawo.

Zipangizo zonsezi zinabwera ndi mtengo wa miyoyo. Mu Januwale 1967 akatswiri atatu a ku America anapsa m'chombo cha Apollo 1 chili pansi poyeserera, mu Epulo chaka chomwecho Vladimir Komarov anafa pamene parachuti ya chombo chake inakanika kutambasuka bwino, ndipo mu Juni 1971 anthu atatu a m'chombo cha Soyuz 11 anafa mpweya utathawa m'chipinda chawo pobwerera. Koma ngozi imene ili ndi phunziro lalikulu ndi ya chombo cha Challenger pa 28 Januwale 1986. Maroketi awiri othandizira kunyamula chombocho anali opangidwa m'zigawo, ndipo polumikizana zigawozo panali mikombero ya mphira yotseka kuti moto usatulukire m'mbali. Mphira akazizidwa amauma n'kulephera kudzaza mpata wake. Usiku woti kucha anyamuka, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, yomwe inapanga maroketiwo, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti kunja kwazizira kuposa mmene mikomberoyo inayesedwera ndipo anapempha kuti ulendo uimitsidwe, koma akuluakulu a NASA sanakondwe ndi maganizowo, ndipo mabwana a kampaniyo, atakambirana paokha, anasintha mawu n'kuvomereza. M'mawa mwake chombocho chinasweka patangotha masekondi 73, ndipo anthu onse 7 anafa, kuphatikizapo mphunzitsi Christa McAuliffe. Ofufuza anapeza kuti mikomberoyo inakhala ikuonetsa zizindikiro za kupsa pa maulendo am'mbuyo, koma popeza palibe chinachitika, vutolo linasanduka chizolowezi. Msodzi aliyense wa pa Chilwa amaudziwa mkhalidwe umenewu, pakuti bwato limene limachucha pang'ono tsiku lililonse, mwini wake n'kumakapa madzi ndi chitini n'kufika bwino kumtunda, limaleka kuoneka ngati bwato lofuna kukonza, kufikira tsiku limene mwera wakula ndipo katundu wachuluka. Zomwezo zinabwerezeka pa 1 Febuluwale 2003, pamene chombo cha Columbia chinasweka pobwerera, n'kupha anthu 7, chifukwa chidutswa cha zokutira thanki ya mafuta chinaboola phiko ponyamuka, chinthu chimene chinali chitachitikapo pang'onopang'ono kambirimbiri mpaka akuluakulu analeka kuchiopa.

Ngozi ziwirizi zimaonetsa kuti mkangano woti wosamala kwambiri ndani pakati pa boma ndi kampani ndi wosakwanira, popeza pa zokambirana zimene zinagamula za Challenger panali onse awiri, ndipo onse anagonjera changu chofuna kusunga tsiku. Funso lenileni ndi lakuti kodi munthu amene waona cholakwika ali ndi mphamvu zoimitsa ulendo, ndiponso kodi woyendera chombo ndi wosiyana ndi amene akupindula chombocho chikanyamuka.

Makampani oyendetsa okha maroketi anakula m'zaka 20 zapitazi, ndipo yodziwika kwambiri ndi SpaceX, yomwe Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, anaikhazikitsa mu 2002. Maroketi ake atatu oyamba analephera, yachinayi inafika mu Seputembala 2008, ndipo mu Disembala chaka chomwecho NASA inapatsa kampaniyo ntchito ya madola 1.6 biliyoni yotumiza katundu ku International Space Station, nyumba yofufuziramo imene imazungulira dziko pa makilomita pafupifupi 400 ndipo yakhala ndi anthu mosalekeza kuyambira mu Novembala 2000. Mu 2014 NASA inaperekanso madola 2.6 biliyoni kwa SpaceX ndi 4.2 biliyoni kwa Boeing kuti apange zombo zonyamula anthu. Choncho chimene chimatchedwa ulendo wa makampani chinaleredwa ndi ndalama za okhoma msonkho. Phindu lake silingakanidwe. Mu Disembala 2015 SpaceX inabweza gawo loyamba la roketi ya Falcon 9 n'kulitsitsa chilili, ndipo popeza gawo limenelo kale linkatayidwa m'nyanja ulendo uliwonse, kuligwiritsanso ntchito kunatsitsa mtengo wokweza katundu. Kutsika kwa mtengoku, pamodzi ndi kubwera kwa masetilaiti ang'onoang'ono onyamulika m'manja, kwatsegulira khomo mayiko a kuno kwathu, monga Zimbabwe, yomwe setilaiti yake yoyamba, ZimSat-1, inanyamuka mu Novembala 2022, ndi Botswana, yomwe BOTSAT-1 yake inakwera pa roketi ya SpaceX mu Malichi 2025. Ku Malawi kuno bungwe la MACRA linapereka chiphaso kwa Starlink, intaneti ya SpaceX yochokera ku masetilaiti oyenda pa makilomita pafupifupi 550, mu 2022, ndipo ntchitoyo inayamba mu Julayi 2023. Kumadera ngati pachilumba cha Chisi, kumene kukoka nthambo n'kovuta, intaneti yotere ingathandize kwambiri pachipatala kapena pasukulu, ngakhale kuti mtengo wa zipangizo zake, ndalama za mwezi ndi mwezi ndiponso magetsi amene zimafuna n'zosafikirika kwa banja lodalira matemba.

Pa chitetezo cha okwera, makampani ali ndi mbiri yosakanikirana. Chombo cha Crew Dragon cha SpaceX chakhala chikunyamula anthu kuyambira mu Meyi 2020 popanda imfa, koma chombo cha SpaceShipTwo cha kampani ya Virgin Galactic chinasweka pochiyesa pa 31 Okutobala 2014, n'kupha woyendetsa wothandizira Michael Alsbury, ndipo ofufuza anadzudzula opanga ake chifukwa sanaganizire kuti dzanja la munthu lingatsegule chokhoma nthawi isanakwane. Mu Juni 2024 chombo cha Starliner cha Boeing chinafika ndi Butch Wilmore ndi Suni Williams ku nyumba yofufuziramo ija mainjini ake ena owongolera akuvuta, ndipo NASA, itayesa kwa milungu yambiri, inagamula kuti chibwerere chopanda anthu, kotero kuti awiriwo, amene ankayembekezera kukhala masiku pafupifupi 8, anabwerera mu Malichi 2025 pa chombo cha kampani ina. Chigamulo chimenecho chinali chochititsa manyazi kwa kampaniyo komanso chodula, koma chinali cholondola, ndipo n'chimene chinasowa mu 1986. Chodetsa nkhawa n'chakuti pamene NASA sili mwini ulendo, lamulo la ku America la mu 2004, lomwe nthawi yake yakhala ikuwonjezeredwa, limaletsa boma kuika malamulo ambiri oteteza okwera, ndipo limangofuna kuti wokwera auzidwe za kuopsa kwa ulendo n'kusaina kuti wavomera.

Wokwera wolemera angathe kuvomera ngozi yake, koma anthu okhala pansi sanafunsidwe, ndipo apa ndi pamene nkhani ya chitetezo imafika pakhomo pa mlimi wa ku Africa. Chilichonse chokwezedwa pafupi ndi dziko chimadzatsika, ndipo ngakhale zambiri zimapsa ndi kutentha zikamalowa mumpweya, zidutswa zolimba zimafika pansi. Mu Meyi 2020 zitsulo zimene akatswiri anati n'za roketi ya China ya Long March 5B zinagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire, ndipo pa 30 Disembala 2024 mkombero wachitsulo wolemera makilogalamu pafupifupi 500 unagwa m'mudzi wa Mukuku m'boma la Makueni ku Kenya, bungwe la dzikolo loona za mlengalenga n'kunena kuti chinali chidutswa cha roketi. Mwayi woti chinthu chotere chigwere munthu ndi wochepa zedi, ndipo palibe chifukwa choti anthu a m'zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi a pa Chilwa, azigona ndi mantha, koma pamene maulendo akuchuluka chaka ndi chaka, zogwanso zikuchuluka, monga akulu anati walira mvula walira matope. Chitsulo chotere sichiyenera kukhudzidwa kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale, chifukwa matanki ena amatsalira mafuta a poizoni otchedwa hydrazine, ndipo choyenera n'kudziwitsa amfumu ndi apolisi. Malamulo a mayiko onse alipo. Pangano la mu 1967 limati dziko lililonse limayankha pa zochita za makampani ake kuthambo, ndipo pangano la mu 1972 limati dziko lokweza chombo liyenera kulipira chilichonse chimene chombocho chaononga pansi, popanda wodandaula kusonyeza kuti panali kusasamala. Setilaiti ya Cosmos 954 itamwaza zidutswa za nyukiliya ku Canada mu Januwale 1978, Soviet Union inalipira madola a ku Canada 3 miliyoni. Koma mlandu wotere umayenda pakati pa boma ndi boma, osati pakati pa mlimi ndi kampani, kotero kuti dziko lopanda akatswiri ozindikira mwini chitsulo ndi maloya odziwa mapanganowa limakhala ndi ufulu wa papepala pokha.

Ngozi ina, yosaoneka ndi maso, ndi kudzaza kwa njira za kuthambo. Pa 10 Febuluwale 2009 setilaiti ya kampani ya Iridium inagundana ndi setilaiti yakufa ya Russia, n'kusweka zidutswa pafupifupi 2,000 zotsatika ndi radar, ndipo pa liwiro la kumeneko kachidutswa kochepa ngati mtedza kangathe kuboola chipangizo chachikulu. Katswiri wa NASA Donald Kessler anachenjeza mu 1978 kuti zinyalala zikachuluka, kugundana kumodzi kumabala zidutswa zoyambitsa kugundana kwina, mpaka njira yonse kutsekeka. Pofika mu 2024 Starlink yokha inali ndi masetilaiti oposa 6,000, ndipo makampani ndi mayiko ena akukonza magulu awo. Masetilaiti ojambula Chilwa amayenda m'dera lomwelo la pafupi ndi dziko, choncho dziko limene silinakwezepo kanthu ndilo lingadzataye zambiri, popeza lilibe ndege kapena zipangizo zina zokwanira zolowa m'malo mwa zithunzizo. Mwa zifukwa zina, n'chifukwa chake bungwe la African Space Agency, lomwe African Union inalitsegula ku Cairo mu Epulo 2025, n'lofunika kwa Malawi, pakuti ndi kudzera m'mabwalo otere pamene mayiko ang'onoang'ono angamveke pa malamulo ochotsa masetilaiti akufa.

Chitetezo chomaliza chili pa kamvedwe ka zimene masetilaiti akunena, ndipo pa ichi Malawi ali ndi phunziro lakelake. M'nyengo ya ulimi ya 2015 mpaka 2016 boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, imene imalipira potengera pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Africa RiskView, yomwe imawerengera mvula kuchokera pa zithunzi za mitambo n'kuyerekeza ndi madzi amene mbewu imafuna. Chilala cha El Niño chinasakaza minda, boma linalengeza za ngozi mu Epulo 2016, ndipo anthu pafupifupi 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, koma pulogalamuyo inaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa kwambiri moti ndalama sizinatuluke. Atapita kukafunsa alimi m'minda, ofufuza anapeza kuti pulogalamuyo inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chokhwima mochedwa, pomwe ambiri anali atabzala chokhwima msanga, cha masiku pafupifupi 90, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yomasula ndi kubereka, ndipo mvula yobwera mochedwa sinachiukitse. Atakonza chiwerengerocho, bungwelo linavomera mu Novembala 2016 kulipira madola 8.1 miliyoni, ndalama zimene zinafika njala itawapweteka kale anthu. Setilaiti inali itaona mitambo monga inaliri, koma amene anaimasulira sanadziwe mbewu imene inali m'nthaka.

Chimodzimodzinso pa Chilwa, chithunzi cha kuthambo chimaonetsa kutambasuka kwa madzi koma sichinena bwino kuya kwake, ndipo m'nyanja yosaya chotere kusiyana kwa mita imodzi ndiko kumagamula ngati boti lochoka pa Kachulu lifike ku Chisi kapena lititimire m'matope. Sichinenanso kuti mchere wakwera bwanji m'madzi otsala, kapena ngati matemba athawira m'maiwe a m'mitsinje ya Likangala ndi Domasi, kumene amabisala nyanja ikaphwa ndiponso kumene mbewu ya nsomba imachokera madzi akabwerera. Zimenezi zimadziwika ndi munthu wowerenga ndodo yoyezera madzi m'mawa uliwonse, mlangizi wa zaulimi wolemba mvula ya m'chitini choyezera, komiti ya asodzi ya pagombe imene imaona zotuluka m'makoka, ndi ofufuza a pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa doko, amene angathe kuika ziwerengero za pansizo pambali pa zithunzi za Landsat ndi Sentinel n'kuuza anthu a kugombe, m'Chichewa, m'Chiyawo ndi m'Chilomwe, kuti madzi a chaka chimenecho akuyembekezeka kukalekezera pati.